Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Miyezi imene makina anafundidwa chitenje

M'gawo lapita ndinalekezera pamene adokotala anandiuza kuti m'makhololo mwanga mwapezeka TB. Munali mu Julaye 2022. Lero ndinena za nthenda ina imene inabwera pamodzi ndi chifuwacho, yomwe nthawi imeneyo sindinauzeko munthu.

Mankhwala a chifuwa chachikulu ndi aulere kuchipatala cha boma, koma amamwedwa miyezi 6 yathunthu osadumphitsa tsiku. Miyezi iwiri yoyamba ndi mibulu ikuluikulu yophatikiza mankhwala anayi, ndipo ine ndinkamwa m'mawa ndisanalawe kanthu. Zoti mkodzo udzafiira ngati Fanta anandichenjezeratu, sizinandidabwitse. Chimene chinandigwetsa ndi maondo ndi akakolo. Ankaphwanya ngati ndamenyedwa ndi chibonga. Ndiye ine ntchito yanga ndi ya utelala, makina ake opalasa ndi miyendo.

Singer wanga tinamuchotsa pakhonde la golosale pamene ndinkachita lendi ku Ndirande, n'kumuika pakona pabalaza. Mkazi wanga anamufundika chitenje kuopa fumbi. Mphasa yanga inali moyang'anizana naye, moti tsiku lonse tinkangopenyana ngati anthu okhala pamaliro.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa agogo anga aamuna a ku Ntcheu, amene anandilera. Kwa iwo dzuwa kukupeza pamphasa unali mlandu. Nthawi yogalauza ankatidulira ndime aliyense, n'kuzika kamtengo pothera pake, ndipo unkamwa phala ukafika pakamtengopo. Madzulo tikukhala pansi kuti tidye, funso lawo linali limodzi: "Iwe, lero wagwirapo chiyani?" Agogowo anatisiya kalekale, koma funsolo ndinabwera nalo m'tauni. Ndili bwino linkandithandiza, chifukwa ndinkaliyankha ndi masiketi ndi mayunifolomu. Tsopano linkabwera madzulo aliwonse n'kundipeza ndilibe choyankha.

Mkazi wanga ankadzuka 4 koloko kukakanda ufa wa mandasi. Chaka chimenecho kwacha inali itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi, mafuta ophikira atakwera mtengo moti phindu la mandasi linali longopezera mchere. Ndinkamva chiwaya chikulira panja, ine n'kutsinzina dala kuti akalowa aziona ngati ndili m'tulo. Manyazi ake! Nsima ikabwera ndinkatema mbamu zitatu n'kusamba m'manja, ati ndakhuta, chonsecho kuchipatala anandiuza kuti ndizidya kwambiri chifukwa sikelo inali itatsika. M'mutu mwanga munkangolira mawu aja timamva kutchalitchi, akuti wosafuna kugwira ntchito asadye. Liwu loti "wosafuna" sindinkalimva n'komwe.

Foni nayo inkathira mchere pabala. Ogasiti ndi Seputembala ndi nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati, matelala sagona. Anzanga ankaika pa WhatsApp madiresi a operekeza mkwati, ine ndikuwerenga malata a denga. (Ndinene pano kuti pa WhatsApp palibe amene amaika chithunzi cha tsiku limene wakhala pakhonde osaona kasitomala, koma izi ndazizindikira mochedwa.)

Kumayambiriro kwa Okutobala ndinayamba kupezako bwino, ndipo m'pamene ndinapalamula. Mayi wina, kasitomala wanga wakale, anandilondola mpaka kunyumba ndi nsalu yodula ya mayadi 6. Ankafuna chovala cha amayi ake cha pa Tsiku la Anakubala, pa 15. Mkazi wanga anali kumsika. Ndinalandira nsaluyo n'kuibisa pansi pa matiresi.

Usiku onse atagona ndinayala nsalu pamphasa, tochi ya foni ndaluma pakamwa, choko ndi lumo m'manja. Manja ankanjenjemera, m'maso mukuchita chizumbazumba, koma ndinati telala wa zaka zonsezi sangalephere bulauzi. Nditamaliza kudula ndinanyamula zidutswa kuti ndizilumikize. Mbali ziwiri zakutsogolo zonse zinali za kumanja. Ndinazitembenuza uku ndi uku, ngati kuti zisintha maganizo. Maluwa a nsaluyo anali oyang'ana mbali imodzi, ndipo yotsala sikanakwana siketi. Ndinakhala pansi nsalu ili pamiyendo mpaka tambala woyamba.

Umo ndi momwe mkazi wanga anandipezera podzuka. Sanakuwe. Anayang'ana nsalu, anayang'ana ine, n'kutuluka kukasonkha moto. Ndalama yobwezera mayi uja anakaikongola ku banki m'khonde, ndipo anaibweza ndi mandasi omwewo mpaka Disembala. Ine amene ndinkafuna kuchepetsa katundu pamutu pake ndinamusenzetsa wina.

Madzulo a tsikulo anatenga khadi langa la kuchipatala, lija amachongapo tsiku lililonse ukamwa mankhwala, n'kuliika pambali pa mbale yanga.

"Bambo, kodi mabokosi awa amene ndikuchonga m'mawa uliwonse mukuwaona ngati masewera?"

Ndinati ayi.

"Ndime yanu ndi imeneyi. Kamtengo kake kali mu Januwale. Mukandilimira ndime ya eni ake n'kusiya yanu, mudzandisiyira ana ndi makina amene sindidziwa kupalasa. Idyani nsimayo yonse, ine sindiphikira agalu."

Nkhani ya agogo ndi kamtengo ndinamuuza tili pachibwenzi, ndipo sindinkadziwa kuti anaisunga.

Ndinganame nditati kuyambira pamenepo mtima unakhala m'malo. Funso la agogo linkabwerabe. Kungoti ndinayamba kuliyankha ndi zomwe zinalipo: ndamwa mankhwala, ndamaliza mbale, ndayenda mpaka pampopi n'kubwerako osapumira. Kenako ndinayamba kusokerera mabatani ndi singano yamanja, kuwerengera mkazi wanga ndalama za mandasi, ndi kukhala ndi mwana wathu wamkulu pa masamu a Sitandade 5. Apa m'pamene ndinatulukira kuti mnyamatayo sankadziwa kugawa, ndipo kwa zaka ziwiri ankangokopera kwa mnzake. Bambo ake amene ankachoka m'bandakucha n'kubwera usiku akanazidziwira kuti? Masiku ena mayankho amenewa ankandikwanira. Masiku ena ndinkawaona ngati a mwana, ndipo ndinkatembenukira kukhoma kuti ndisaone chitenje chija.

Bokosi lomaliza tinalichonga mu Januwale 2023, makhololo atapezeka abwino. M'mawa mwake ndinavundukula makina, ndinathira oilo, ndipo nditangoponda kawiri lamba anaduka, anali atauma. Ndinamumanga ndi kawaya n'kuyenda wapansi kupita kugolosale kuja kukauza mwini wake kuti ndabwerera. Ndili chapatali ndinamva makina akulira pakhonde langa. Za mnyamata amene ndinamupeza atakhala pampando wanga, tikambirana m'gawo 10.