Holo yathu ya mpira ndi makina amene tinawakana

Ine ndi mayi akunyumba tinatsegula holo yoonetsera mpira kuno ku Chinsapo ndi ndalama za banki m'khonde. Tinayamba ndi TV imodzi, dikoda ya DStv, mabenchi a matabwa ndi kajenereta koti magetsi akazima masewero asaduke. Arsenal kapena Manchester United ikamasewera, anthu amadzaza mpaka pakhomo. Kenako tinawonjezera benchi ya Airtel Money ndi Mpamba pakhonde, ndipo m'pamene tinayamba kuona za kubetcha ndi maso athu.

Munthu wa pabenchi ya ndalama amadziwa zambiri za dera lake. Wakabaza amabwera m'mawa kudzaika ndalama mufoni, masana wabweranso, madzulo akupempha timuikire pangongole poti tikiti yalero singaphonye. Mnyamata wina ankakhala kumbuyo kwa holo, mpira osauyang'ana n'komwe, maso ali pa kandege ka Aviator, masewero obetcha a pafoni, chala chikunjenjemera. Mayi ake anadzatiuza kuti ndalama ya fizi inathera momwemo ndipo mnyamatayo anali atalowa kale katapila.

Nthawi imeneyo kunabwera bambo wina ndi makina a juga oponyamo makobidi, akuti tiwaike pakona, phindu tizigawana. Ndalama imene ankatchula inkaposa imene timatolera pakhomo la holo. Tinamufunsa chiphaso cha MAGLA, bungwe loyang'anira juga lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022 ataphatikiza Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Analibe, anangoti zimenezo n'za makampani akuluakulu. Tinakana. Loweruka masana holo yathu imadzaza ana a sukulu, pomwe lamulo limaletsa wosakwana zaka 18 kutchova juga. Komanso makina osalembetsa palibe amene amawayeza ngati amalipira mwachilungamo, ndipo wodyeredwa alibe kokadandaula.

Anzathu ena a bizinesi amati chiphaso ndi njira chabe ya boma yotolera ndalama. Ife sitikuona choncho. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limawerengera chizolowezi cha juga m'gulu la matenda, ndipo ife odwalawo timawaona tsiku ndi tsiku: kusowa tulo, kunama kunyumba, kugulitsa njinga yomwe imawadyetsa. Mwini chiphaso ali ndi choti alandidwe akalola ana, choncho amasamala. Wopanda chiphaso amangonyamula makina usiku n'kukawaika kwina.

Pabenchi pathu sitiika ndalama pangongole, ngakhale kwa kasitomala wakalekale. Mwana akabwera ndi foni yoti akubetchera, timamubweza. Amene juga yamuzinga timamuuza za St John of God kuno ku Lilongwe, komwe amathandiza anthu a mavuto a maganizo ndi zizolowezi. Ena anakwiya n'kusamukira benchi ina, komishoni inatsika, koma makolo anayamba kulola ana awo kudzaonera mpira kwathu, ndipo tinagula TV yachiwiri.

Chimene tikupempha n'choti oyendera a MAGLA azifika kawirikawiri m'makwalala muno, kuseri kwa magolosale ndi m'mashabini, chifukwa makina amene tinawakana aja anapeza malo pafupi pomwepa.