Momwe ndinapezera malo a webusaiti yanga ya mipando

Ndimapanga ndi kugulitsa mipando yoluka ya nsungwi ku Blantyre, ndipo makasitomala amene amaoda yambiri nthawi imodzi ali ku Joni ndi ku UK. Kwa zaka zingapo ndinkangodalira WhatsApp ndi Facebook, mpaka mayi wina wa shopu ku Cape Town anandiuza mosabisa kuti sangatumize ndalama zochuluka kwa munthu wopanda webusaiti ndi imelo ya dzina la bizinesi yake. Ndinapeza mnyamata wina, ndinamulipira, ndipo anandipangira webusaiti yokongola ndithu. Chaka chitatha, m'mawa wina ndikutsegula, ndinangopeza tsamba lachilendo lodzaza malonda a anthu ena. Foni ya mnyamatayo inali itasiya kupezeka. Zithunzi zonse ndi dzina lomwe ndinasindikiza pa makadi zinapita naye. Zinandipweteka kwambiri.

Ulendo wachiwiri ndinati ndigwira ndekha, mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira za makompyuta ali pambali. Tinakhala pa benchi la kuntchito, laputopu pamwendo, anyamata akupala nsungwi kuseri.

"Malume, munalipira zinthu ziwiri ngati chimodzi," iye anatero. "Pali dzina, pali nyumba."

Dzinalo ndi domain, lija munthu amalemba kuti akupezeni. Nyumbayo ndi hosting, malo amene mumachita lendi pa seva, kompyuta yaikulu imene imayaka usana ndi usiku kuti zithunzi ndi mawu anu azioneka nthawi iliyonse. Zonse ziwiri n'za lendi, ndipo mukaphonya tsiku lolipira zimatsekedwa. Ndinafunsa ngati laputopu yangayi singagwire ntchito imeneyo. Anangondikumbutsa kuti magetsi akazima kwathu, ndiye kuti kasitomala wa ku London wapeza shopu yotseka.

Tinayamba ndi dzina. Dziko lathu lili ndi lake lothera ndi .mw, koma ine ndinasankha .com chifukwa ogula anga ambiri ali kunja ndipo ndilo analizolowera. Mtengo wake unali madola osapitirira 15 pachaka, ndipo khadi langa la ku banki linadutsa bwinobwino. Polemba fomu ndi pamene maso anatseguka. Pali malo olemba mwini dzinalo, imelo yake ndi nambala yake ya foni. Mnyamata uja analemba zake, choncho makalata onse ochenjeza kuti nthawi yatha ankapita kwa iye. Pano ndinalemba dzina langa ndi imelo imene ndimatsegula tsiku lililonse, ndinawerenga kawiri ndisanadine. Ngati wina akukupangirani webusaiti, gawo ili lokha chitani ndi manja anu, kapena akhale akulemba inu mukuona. Ndinamvanso kuti dzina la .com likangolembetsedwa kumene silingasamutsidwe kupita ku kampani ina mpaka patapita masiku 60, choncho kogulako muziyamba mwakuonetsetsa.

Kenako nyumba. Makampani amaika mitundu itatu patsogolo, ndipo mwana wa mlongo wanga uja anandifotokozera mwa kwathu. Shared hosting ili ngati nyumba za mdadada: aliyense chipinda chake, koma mpopi ndi bafa n'zogawana, ndipo woyandikana naye akalandira alendo ambiri madzi amachepa kwa nonse. VPS ili ngati nyumba yanuyanu mumpanda wa landilodi, mumapanga zofuna zanu koma kukonza zowonongeka kumakhalanso kwa inu. Dedicated server ndi mpanda wonse. Webusaiti ya masamba asanu ndi zithunzi makumi anayi sifunika mpanda wonse. Ndinatenga mdadada, ndipo mpaka lero ukundikwanira.

Chimene chinanditengera masiku ndi kusankha landilodi. Kampani ina yakunja inalemba mtengo wotsika kwambiri ndi zilembo zikuluzikulu, mtima mpaka unadumpha. Titatsika m'munsi mwa tsamba, pa tizilembo ting'onoting'ono, tinapeza kuti mtengowo ndi wa munthu amene walipiriratu zaka zitatu, ndipo zikatha zakazo mtengo umakwera kuposa kawiri. Ndinayesabe kulipira. Khadi linakanidwa kawiri, ku banki anandiuza kuti ndalamayo yapyola malire a zimene ndingalipire kunja. Apa ndinakhala pansi n'kuganiza. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi bilu ya madola anaiona ikufufuma iye osachita kanthu. Lendi imene sindikudziwa ngati ndidzatha kuilipira chaka chamawa siyotchipa kwa ine, ngakhale italembedwa motsika bwanji.

Choncho ndinatembenukira ku makampani amene amalandira kwacha, kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba. Ndinasankha atatu, ndipo Loweruka madzulo ndinawalembera onse mafunso ofanana. Ndinafuna kudziwa mtengo wa chaka chachiwiri, kumene seva yawo ili, kangati amasunga backup (mafayilo onse okoperedwa padera kuti asatayike), ndiponso ngati ndingatenge mafayilo anga onse tsiku limene ndafuna kuchoka. Ndinachitira dala kulemba Loweruka, chifukwa webusaiti sisankha tsiku lofera. Kampani ina inayankha usiku womwewo, funso lililonse ndi yankho lake. Ina inayankha Lachiwiri ndi mndandanda wa mitengo basi. Yachitatu sinayankhe n'komwe.

Za kumene kuli seva musazipeputse. Imene ili ku Johannesburg imayankha msanga kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Cape Town kusiyana ndi ya ku America, chifukwa mtunda ndi waufupi. Kampani imene inayankha msanga ija seva yake inali ku South Africa, pafupi ndi ogula anga. Analonjezanso kuti webusaiti izikhala yoyaka 99.9 peresenti ya nthawi. Titawerengera pa foni tinapeza kuti zikutanthauza kuzima kwa maola pafupifupi 9 pachaka, zimene bizinesi ya mipando ingapirire. Mawu oti unlimited sindinawakhulupirire, poti palibe seva yopanda malire, ndiye ndinasankha phukusi lolemba poyera kuchuluka kwa malo.

Panalinso nkhani ya kaloko, SSL, imene imateteza zimene wogula amalemba pa webusaiti kuti ena asazione. Popanda iyo, Chrome imalemba kuti "Not secure" pafupi ndi dzina lanu, ndipo wogula akaona zimenezo amabwerera. Makampani ena amaigulitsa padera, pamene ya Let's Encrypt ndi yaulere ndipo imadzikonzanso yokha isanathe. Ndinafunsiratu, anati ili kale m'phukusi.

Nditalipira pa foni, imelo inabwera ndi pasiwedi yolowera mu cPanel, tsamba loyendetsera hosting, komanso mizere iwiri ya ma nameserver. Mizere imeneyo tinakaiika kumene ndinagula dzina, kuti dzinalo lidziwe nyumba yake. Kenako kudikira. Amati zitha kutenga mpaka maola 48, kwa ine zinatheka mawa lake m'mawa. Kuika WordPress, pulogalamu yopangira webusaiti, kunali kungodina kamodzi.

Pamene ndinapunthwa ndi pa zithunzi. Ndinaziika mmene zinachokera mu foni, chilichonse cha 4MB, ndipo tsamba linkatseguka ngati kamba, bandulo ikungotha. Tinazichepetsa zonse kufika cha m'ma 200KB, kuluka kwa nsungwi kukuonekabe bwino. Ndinakayesera pa siteji ya minibasi, pamene netiweki imavuta, ndipo tsamba linatseguka kondakitala asanamalize kuitanira.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinatsegula imelo ya dzina la bizinesi, n'kulembera mayi wa ku Cape Town uja. Ndinakoperanso backup yonse pa fulashi, ndipo ndimabwereza kumapeto kwa mwezi uliwonse ngakhale kampaniyo imasunga yake. Masiku awiri olipira, la dzina ndi la nyumba, ndinawalemba ndi cholembera chofiira mkati mwa chikuto cha kope la maoda, ndipo mapasiwedi ali mu envulopu imene amasunga mayi a kunyumba.