Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kuwerenga mtundu wa North Sea

Gawo lapitali ndinasiyira poyamba ntchito yoyang'ana zithunzi za setilaiti. Lero ndifotokoze mmene ntchitoyo inkayendera.

M'nyengo yozizira mphepo imavundula North Sea, nyanja ya kum'mawa kwa Britain, mpaka pansi, michere n'kukwera pamwamba, koma dzuwa limakhala lochepa. Pofika Malichi ndi Epulo masiku amatalika, ndipo ndere zosaoneka ndi maso, phytoplankton, zimaswana mothamanga. Zoyamba ndi ma diatom, omwe amamanga zigoba zawo ndi silika. Silika akatha, mtundu wina wa ndere wotchedwa Phaeocystis umalanda malo, ndipo thovu lake limaunjikana pamchenga ku Belgium ndi Netherlands.

Setilaiti simaona ndere, imaona mtundu wa madzi. Chlorophyll, chinthu chobiriwira cha mu ndere, imameza kuwala kwa buluu cha pa 443 nm (nanomita, muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala) n'kusiya kobiriwira cha pa 560 nm, ndiye tinkayerekeza ziwirizi. Tinkadalira kamera ya OLCI ya pa setilaiti ya Sentinel-3A, yomwe inaponyedwa m'mlengalenga mu 2016. Kadontho kamodzi pachithunzi ndi mamita 300 panyanja. Pa kuwala konse kofika ku kamerayo, pafupifupi magawo 90 pa 100 amachokera mumpweya, choncho choyamba n'kuchotsa zimenezo, kenako kuphimba mitambo ndi kunyezimira kwa dzuwa pamadzi.

Chovuta chenicheni chili m'mphepete. Mitsinje ya ku England ya Thames ndi Humber imatsanulira matope ndi madzi oderako a zomera zowola, ndipo madzi oderawo amamezanso buluu. Kompyuta imangoti ndi chlorophyll, mapu n'kuonetsa ndere zochuluka pakamwa pa mtsinje ngakhale mu Januwale. Pamadzi osaya, mchenga wapansi umanamizanso. Malo otere tinkasiya buluu n'kugwiritsa ntchito kuwala kwa kumbali yofiira, cha pa 665 ndi 709 nm, ngakhale njirayi imafooka ndere zikachepa.

Ine mapu osatsimikizidwa ndi madzi enieni sindiwakhulupirira mpaka lero. Anzathu a pasitima ankatunga madzi apamwamba, kuwasefa pa sefa ya ulusi wagalasi yotchedwa GF/F, kuviika sefayo mu acetone wa 90 peresenti (mankhwala osungunula chlorophyll) pamalo amdima ndi ozizira, n'kuyeza ndi fluorometer, makina oyezera chlorophyll ndi kuwala. Sefa ikakhala padzuwa, chlorophyll imawonongeka, nambala n'kutsika. Nambalayo tinkaiyerekeza ndi timadontho 9 ta pachithunzi tozungulira pamene anatungapo, ndipo kutungako kusatalikirane ndi kudutsa kwa setilaiti kupitirira maola 3, chifukwa nyanja ikamadzaza ndi kuphwa, madzi aja amakhala atasuntha makilomita angapo.

Gawo lotsatira ndidzakamba zolumikiza zithunzi za masiku 8 pofuna kutseka mipata ya mitambo.