Zikomo kwa onse amene munatithandiza kuperekeza bambo athu ku Mabvuku

Ife ana ndi zidzukulu, pamodzi ndi mayi athu amene atsala, tikuthokoza abale, anansi, mpingo ndi a sosaite yothandizana pa maliro amene munakhala nafe pa siwa kuyambira usiku umene bambo anatisiya kufikira pamene tinawagoneka ku manda a Mabvuku, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe.

Ambiri munkawadziwa ngati mkulu wa mpingo wa CCAP, wofika belu lisanalire, nsapato zili waliwali. Za usilikali sankazikamba pagulu. Analembedwa ku Zomba ali mnyamata, m'gulu la King's African Rifles, ndipo anali mmodzi mwa asilikali a ku Nyasaland amene anatumizidwa ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, pa nkhondo ya m'nkhalango imene inayamba mu 1948. Atasiya usilikali, nthawi ya Chitaganya, anabwera kuno mzindawu ukutchedwa Salisbury, nagwira ntchito ya ulonda ku Msasa mpaka kupuma. Malipiro a mlonda mukuwadziwa. Komabe mwana aliyense anaphunzira, ndipo ndalama ya sosaite sinadumphe mwezi.

Mendulo imene munaiona pa bokosi ija, ya kansalu kapepo kokhala ndi mzere wobiriwira pakati ndi kachitsulo kolembedwa Malaya, sitinaiike m'manda ngakhale ena anapempha. M'mphepete mwake munadindidwa dzina ndi nambala yawo ya usilikali, ndipo nambala imeneyo ndiyo umboni wakuti analidi msilikali. Ikhala ndi mayi.

A komiti ya sosaite, mwagwira ntchito yotamandika. Bambo anamwalira kunyumba, osati kuchipatala, ndipo inu ndi amene munatiletsa kusuntha thupi apolisi asanafike kudzalemba lipoti. Pambuyo pake pamafunika kalata ya dokotala yonena chimene chawapha, kenako kalata yololeza kuika maliro (burial order) ya ku ofesi ya kaundula, ndipo popanda imeneyo manda sapatsidwa. Pamene panavuta ndi pa dzina. Pa chitupa linalembedwa ndi "r", pa khadi la kuchipatala ndi m'buku la sosaite ndi "l", monga zinkachitikira kwa makolo ambiri ochokera ku Malawi pamene alembi ankalemba momwe amvera. Chilembo chimodzi chimenechi chikhoza kuchedwetsa maliro tsiku lathunthu. Chinatipulumutsa ndi sutikesi yawo yachitsulo: munali chitupa, kalata ya ukwati, kalata yotulukira usilikali ndi malisiti a sosaite omanga ndi mphira, chaka ndi chaka pachokha. Ndi zimenezo kalata yolumbira yakuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi inalembedwa m'mawa umodzi. Amene muli ndi makolo okalamba, yalani mapepala awo pa tebulo lero, muone ngati mayina ndi masiku obadwa akufanana.

Amalume ndi azakhali ochokera ku Dedza, tikudziwa kuti mtima wanu unali woti thupi lipite kumudzi. Msewu wa Nyamapanda ndi Tete ndi thupi si wamasewera: pamafunika kalata yakuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, chilolezo cha azaumoyo, kalata ya ku ofesi ya kazembe, bokosi lomata bwino, ndiponso kudutsa m'dziko lachitatu la Mozambique. Koma si ndalama kapena mapepala zimene zinagamula. Bambo ananeneratu kuti agone pamene mkazi wawo angathe kufikapo ndi miyendo. Munamva, munavomera, ndipo mwini mbumba anayankhula kumanda mopanda chotsalira kukhosi. Takulandirani ndi manja awiri, ndipo mwabwerera mwaulemu.

Amayi a Chigwirizano, munaimba mpaka mbandakucha osasinthana mokwanira, m'mawa n'kukhalanso pa moto. Pa maliro a kuno ufa sukhala vuto, anthu amabwera nawo. Chimene chimathera pakati ndi madzi ndi nkhuni, chifukwa mpopi sungaudalire ndipo mapoto aakulu a nsima amadya nkhuni koopsa. Anyamata a mu mzere wathu anadzuka usiku kukaima pa mjigo ndi mawilibala, migolo inakhala yodzaza mpaka tsiku lomaliza. Anansi athu achishona anatsegula zimbudzi ndi zipinda zawo kwa alendo, ena anabweretsa tenti ndi mipando. Sitinapemphe, anangoona.

Chipepeso chonse chinalembedwa ndi anthu awiri m'buku limodzi, ndalama ya m'manja payokha, yotumizidwa pa foni kudzera pa EcoCash payokha, kuphatikizapo zimene anatumiza abale a ku Johannesburg ndi ku Lilongwe. Bukulo linawerengedwa pamaso pa banja tsiku losesa, ndipo amene akufuna kuliona ali omasuka. Zotsala zapita kwa mayi.

Abusa ndi akulu a mpingo, zikomo potipatsa mwambo wachichewa, monga bambo ankafunira. Nyimbo ankazitsatira m'buku lawo lakale lomwe lija lothothoka chikuto.

Kunyumba kwatsala mapoto awiri, beseni la buluu, mbale zingapo ndi zitenje zopanda mwini. Bwerani mudzazindikire zanu Loweruka likudzali masana. Za chiliza tidzakudziwitsani banja likakhala pansi mvula ikatha.