UAB ndi ya ndani? Mkangano wa masapota a ku Birmingham sukutha

Masapota a UAB Blazers, timu ya mpira ya yunivesite ya mumzinda wa Birmingham ku Alabama, America, akayamba kukangana sathera pa zigoli ayi. Amayamba ndi kochi, kenako ndalama, kenako mipando yopanda anthu ku sitediyamu, mapeto ake amafika pa funso lomwe lija lakalekale loti kodi yunivesite imeneyi ndi ya ndani ndipo ikufuna kukhala chani. Ine ndinenerethu kuti ndili mbali ya anthu ofuna kuti timu ikhalepo, koma si zonse zimene a mbali yangayi amalankhula zimene ndimagwirizana nazo. Mpira ndikunena pano ndi wa chiAmerica uja wovala zipewa zolimba, wogundana, wothamanga mpira uli m'manja.

UAB ndi University of Alabama at Birmingham. Inayamba ngati nthambi chabe ya yunivesite yaikulu ya ku Tuscaloosa, sukulu ya madokotala inasamukira ku Birmingham mu 1945, ndipo mu 1969 ndi pamene inaima payokha. Lero ili ndi ophunzira opitirira 20,000, chipatala chake ndi chimodzi mwa zikuluzikulu ku America konse, ndipo pamene mafakitale a zitsulo amene anamanga mzinda wa Birmingham anayamba kutsekedwa, ndi chipatalachi pamodzi ndi yunivesite zimene zinatenga udindo wolemba anthu ntchito. Koma ngakhale inaima payokha, bodi imene imailamulira ndi yomweyo imene imalamulira mayunivesite a ku Tuscaloosa ndi ku Huntsville. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ku Tuscaloosa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa galimoto, kuli Alabama Crimson Tide, timu imene kochi Nick Saban anawina nayo makapu 6 a dziko lonse, sitediyamu yake imalowa anthu 100,000, ndiye masapota a UAB akhala akudandaula kwa zaka zambiri kuti ali ngati mwana wamng'ono m'banja limene ndiwo zonse zimaikidwa kutsogolo kwa wamkulu, iye n'kumauzidwa kuti adikire zotsala.

Kudandaula kwawoko sikunangochokera m'mutu. Mu 2011 pulani yomanga sitediyamu pa kampasi ya UAB inakafera ku bodi komweko. Timu inapitiriza kusewerera pa Legion Field, bwalo la mu 1927 limene kale linkachititsa Iron Bowl, geimu ya chaka ndi chaka ya matimu a mayunivesite a Alabama ndi Auburn, lalikulu zedi la anthu pafupifupi 70,000 koma lokalamba moti gawo lake lapamwamba anachita kuligwetsa. Tangoganizani anthu 10,000 atamwazikana m'bwalo lotero, pa TV zimangooneka ngati kulibe munthu, ndipo mnyamata wa ku sekondale amene ukufuna kumukopa kuti adzakusewerere akabwera kudzaona amabwerera kwawo mtima utasintha kale.

Kenako 2014. Chaka cha m'mbuyo mwake timu inali itawina mageimu 2 okha n'kuluza 10, kunabwera kochi watsopano Bill Clark, mwana wa ku Alabama komweko, anyamata anawina 6 kuluza 6, zimene zinawayeneretsa kukasewera geimu ya bowl (geimu yapadera ya kumapeto kwa sizoni ya matimu amene achita bwino) koyamba chichokereni 2004, anthu obwera kudzaonera anawirikiza pafupifupi kawiri. Patangopita masiku ochepa sizoni itatha, pa 2 Disembala 2014, pulezidenti wa yunivesite Ray Watts analengeza kuti timu ya mpira yathetsedwa, pamodzi ndi matimu a bowling ndi owombera mfuti. Chifukwa chake chinali ndalama. Anati yunivesite imaika kale pafupifupi $20 miliyoni pachaka mu bajeti ya zamasewera ya pafupifupi $30 miliyoni, ndipo lipoti la kampani ya CarrSports linati pakufunika $49 miliyoni ina pa zaka 5 kuti timu izitha kupikisana. Inali timu yoyamba ya mu FBS, gulu lapamwamba la mpira wa mayunivesite, kutsekedwa chichokereni ya University of the Pacific mu 1995.

Vidiyo ya tsiku limenelo ilipobe pa YouTube, ndipo ine ndikaionera mpaka lero mtima umandipweteka. Anyamata akuluakulu matupi, ali m'chipinda chochitira misonkhano, ena akulira poyera, ena akufunsa bwana mafunso amene analibe yankho lake, panja gulu la anthu likukuwa mpaka apolisi anachita kumuperekeza ku galimoto. Ambiri mwa anyamata amenewo sikolashipu ya mpira ndi imene inawalowetsa ku yunivesite, ena anali oyamba m'banja mwawo kufika pamenepo. Anabalalika, ena anapeza malo kwina, monga Jordan Howard amene anapita ku Indiana kenako n'kukasewera ku Chicago Bears, timu ya mu ligi yaikulu ya akatswiri ya NFL, koma si onse anali ndi mwayi wotero.

Zimene zinatsatira ndi zimene zinandipangitsa kuyamba kuikonda timu imeneyi. Anthu sanangolira n'kupita kwawo. Kunali maparade, #FreeUAB inali paliponse pa Twitter, mu Januwale 2015 aphunzitsi a pa yunivesite anavota kuti alibenso chikhulupiriro mwa Watts, akatswiri ena a zachuma anatsutsa mawerengedwe a lipoti lija, ndipo chachikulu kwambiri, amalonda a mu Birmingham ndi anthu wamba analonjeza ndalama pafupifupi $17 miliyoni m'miyezi yochepa chabe. Pa 1 Juni 2015 Watts yemweyo analengeza kuti mpira ubwerera. Bill Clark sanachoke, anakhala masizoni awiri athunthu ali kochi wa timu yopanda geimu, akungosaka osewera ndi kumanga. Mu 2017 anabwerera n'kuwina mageimu 8, mu 2018 anawina 11, anatenga ligi ya Conference USA n'kugonjetsa Northern Illinois 37-13 mu Boca Raton Bowl, chipambano chawo choyamba cha bowl m'mbiri yonse. Mu 2020 ligi ija anaitenganso. Mu 2021 analowa mu Protective Stadium, yatsopano, ya anthu pafupifupi 47,000, ndipo chaka chomwecho anamenya Brigham Young University (BYU) 31-28 mu geimu ya bowl.

Mwina mukuti ndiye mkangano ukuchokeranso pati poti zonse zinatha bwino? Sizinathe. Clark anapuma ntchito mu 2022 chifukwa cha vuto la msana. Osewera anapempha kuti wogwirizira mpando Bryant Vincent apitirize, akuluakulu anasankha Trent Dilfer, munthu wodziwika amene anawinapo Super Bowl, fainali ya NFL, ngati wosewera koma ukochi anali atangochita pa sekondale. Mu 2023, chaka chimene timu inakwera kulowa mu ligi ya American Athletic Conference, anawina 4 kuluza 8, mu 2024 anawina 3 kuluza 9, mu Okutobala 2025 anachotsedwa. Sitediyamu yatsopano ija inayamba kuoneka mipando mbee. Ndiye mabala akale onse anatsegukanso.

Gulu lina likuti tinanena. UAB ndi ya chipatala ndi kafukufuku, mbiri yake ili pa madokotala ndi manesi, bwanji kumathira ndalama pa masewera amene m'dera la Alabama munthu amabadwa ali kale wa Alabama kapena wa Auburn? Amafunsanso kuti mwana amene akugwira ntchito usiku kuti alipire fizi, amene sanapondepo ku sitediyamu, n'chifukwa chiyani gawo la ndalama zake lizithandizira timu? Anthu amenewa masapota anzanga amakonda kuwatcha adani kapena akazitape a ku Tuscaloosa, ine ndimakana zimenezo. Funso lawo ndi lachilungamo, ndipo matimu ambiri a msinkhu wa UAB sadzilipirira okha, amadalira fizi ya ophunzira ndi thumba la yunivesite. Amene amakonda timu ayenera kulimba mtima kuliyankha funsoli m'malo motukwana.

Gulu lina likuti chabwino timu ikhale koma itsike, isewere ndi anzake a msinkhu wake. Amapereka chitsanzo cha timu ya yunivesite ya Idaho imene mu 2018 inatsika kuchoka ku FBS kubwerera ku Big Sky, ligi ya gulu lotsikirapo, komwe maulendo ndi afupi, masikolashipu ndi ochepa ndipo adani ake ndi oyandikana nawo. Kwa Idaho mwina zinali zoyenera chifukwa ili m'tauni yaing'ono ya Moscow ku Idaho komweko ndipo ligi yake inali itaitaya. Koma Birmingham ndi madera ozungulira ndi anthu opitirira miliyoni imodzi, mzinda unadzipereka kulipira $3 miliyoni pachaka kwa zaka 30 pa ntchito yomanga sitediyamu ija, ndiye kutsika panopa kungakhale kuwauza anthu amene anatulutsa ndalama zawo mu 2015 kuti anataya pachabe.

Ndiye pali anzanga otentha magazi amene akufuna kuti UAB ithamangire kumwamba, igule osewera, ilembe kochi wa dzina, tsiku lina idzalowe m'maligi akuluakulu. Apa ndi pamene ndimasiyana nawo kwambiri. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, kusamuka timu kunaphweka, ndipo kuyambira 2025 mayunivesite akuloledwa kugawana ndi osewera ndalama, zimene chaka choyambacho zinali zofika pafupifupi $20.5 miliyoni. Ndalama imeneyo kwa Alabama ndi yotheka, kwa UAB ndi pafupifupi zonse zimene yunivesite inkadandaula nazo mu 2014 zija. Mnyamata ukamuphunzitsa bwino n'kuwala sizoni imodzi, chaka chamawa wapita kwa olemera. Mpikisano wa matumba UAB singauwine, ndipo ikaumirira kuuthamangira idzapatsa chifukwa chabwino anthu amene akufuna kuitseka kachiwiri.

Chimene ine ndimaona n'chakuti anthu a 2014 aja sankamenyera kuti UAB idzakhale Alabama yachiwiri. Ankamenyera kuti nkhani za Birmingham zizigamulidwa ndi anthu amene amaikonda Birmingham. Kwa zaka zambiri UAB inkadziwika ngati sukulu imene munthu amangobwera pa galimoto, kulowa m'kalasi, n'kubwerera kwawo, yopanda moyo wa pa kampasi, ndipo kochi wa basketball Gene Bartow atachoka ku yunivesite ya UCLA mu 1977 kudzayambitsa zamasewera, kenako mpira n'kuyamba mu 1991, cholinga china chinali choti ophunzira ndi mzinda akhale ndi chinthu chowasonkhanitsa pamodzi atavala zobiriwira ndi zagolide. Chipatala chimapulumutsa miyoyo, palibe angatsutse, koma palibe amapita ku chipatala Loweruka masana ndi ana ake kukaimba nyimbo. Mzinda wa mbiri yowawa ya tsankho ngati Birmingham, kumene akuda ndi azungu anakhala olekanitsidwa ndi lamulo kwa nthawi yaitali, umafunika malo amene anthu onse amakhala benchi imodzi akusapota chinthu chimodzi chimene dzina lake ndi la mzinda wawo.

Ndipo zoti chipatala ndi mpira ndi adani ine sindizivomereza. Chaka chilichonse kuli geimu ya Children's Harbor, bungwe lothandiza ana odwala ndi mabanja awo, imene osewera amachotsa mayina awo kumsana kwa jezi n'kuvala mayina a ana odwala matenda aakulu, mabanja a anawo amabwera ku bwalo, geimu ikatha wosewera amavula jezi ija n'kuipereka kwa mwanayo kapena kwa makolo ake ngati mwanayo anatisiya. Zimenezo zimachitika chifukwa timuyi ndi ya mzinda wa zipatala, ndipo ndi pamenepo pamene UAB imaoneka kuti ndi ndani kuposa tsiku lililonse.

Za bodi ija, masapota ambiri amakhulupirira kuti chigamulo cha 2014 chinaphikidwa ndi akuluakulu okonda Tuscaloosa, Watts yekha ankati chinali chake ndipo chinachokera pa mawerengero. Ine chimene ndinganene n'chakuti bodi imodzi yolamulira mayunivesite atatu, imene mtima wake anthu amauona kuti uli ku imodzi, izikayikiridwa nthawi zonse ngakhale itachita zabwino, ndipo aphungu ena a ku Alabama amene anayesapo kuti kapangidwe kake kasinthe anali ndi mfundo. Koma masapota nawonso asamabisale kumbuyo kwa bodi pa chilichonse. Bodi si imene imaletsa munthu kugula tikiti. Anthu amene anayenda m'misewu atanyamula zikwangwani mu 2014, ambiri a iwo mu Novembala timu ikamaluza sapezeka pa Protective Stadium, amakhala pakhomo akuonera SEC, ligi yaikulu imene Alabama ndi Auburn amasewera, pa TV, kenako usiku n'kulemba pa intaneti kuti yunivesite siisamala za timu. Zimenezo zimandikwiyitsa kuposa zonena za otsutsa, chifukwa mipando yopanda anthu ndi umboni woyamba umene munthu wofuna kutseka timu adzaulozere.

Ndiye chimene ndikufuna kuona ndi kochi wodziwa masekondale a ku Alabama ngati mmene Clark ankawadziwira, wosaka anyamata amene matimu akuluakulu anawadumpha, wokonzeka kukhala zaka ndithu osati wodzera. Ndikufuna yunivesite izionetsa poyera chaka ndi chaka kuti pa fizi ya wophunzira aliyense ndi ndalama zingati zikupita ku masewera, kuti amene akulipira adziwe ndipo akhale ndi mawu. Ndikufunanso matikiti otsika mtengo kwa manesi, oyeretsa ndi ena onse ogwira ntchito pa chipatala paja, chifukwa ndi anthu masauzande ambiri, ndi a UAB kale, ndipo atangobwera ochepa mwa iwo ndi mabanja awo sitediyamu ija ingasinthe maonekedwe sizoni imodzi yokha.