Kodi mng'alu umayamba liti?

Lero tsiku lonse ndinali mu labu kung'amba ma sampo a carbon fibre, mayeso aja timati DCB oyeza mphamvu yofunika kuti ma layer ake alekane, malamulo ake ali mu ASTM D5528. Sampo yake ndi yaing'ono, m'lifupi mamilimita 25, ma layer ambirimbiri omatidwa ndi guluu wa epoxy, ndiye poipanga amasiya kafilimu ka Teflon pakati penipeni kumapeto kumodzi, kopyapyala osapitirira ma micron 13, kuti mng'alu uyambire pamenepo. Timamata ma hinji pamwamba ndi pansi, makina nkumakoka pang'onopang'ono milimita imodzi pa mphindi, sampo nkumayasamula ngati kamwa la ng'ona.

M'mbali tinapakamo tipex nkujambula timizere milimita iliyonse, ine diso pa maikulosikopu kudikira kuti kamzere kakuda kadutse pa choyera chija. Apa mpomwe pali nkhani. Uzinena kuti wayamba liti? Njira zilipo zitatu, NL ndi pamene mzere wa pa graph ya mphamvu yokoka ndi kuyasamula kwa sampo wasiya kuwongoka, VIS ndi pamene diso lauona, ina ija ndi pamene kufewa kwa sampo kwawonjezeka ndi 5% kapena pomwe mphamvu yafika pachimake, ndipo iliyonse imakupatsa G yakeyake, nambala yosonyeza mphamvu yofunika kuti mng'alu ukule. Mng'alu umayambira mkati, pakatikati pa m'lifupi, m'mbalimu umafika mochedwa, ndiye pamene ukuuona iwo unayamba kale.

Mnzanga amati aise tingotenga yaikuluyo, ikuoneka bwino mu lipoti. Ndakana. Mng'alu ukamapita patsogolo pa sampo ya ulusi wolunjika mbali imodzi mumaona timaulusi tating'ono titagwirabe kumwamba ndi kumunsi, fibre bridging, tikuletsa kung'ambika, ndiye G imangokwera, koma pa phiko la ndege pomwe ma layer apingasana timaulusi timeneti sungatidalire. Nambala yochepa ya NL ija ndi imene wopanga ndege ayenera kuwerengera. Boeing 787 theka la kulemera kwake ndi ma composite ngati carbon fibre yomweyi, sipanala ikagwera paphiko ma layer amatha kulekana mkati kunja osaoneka kanthu, ndipo mkatimo mwakwera anthu.

Ndalemba zitatu zonse koma NL ndaiika patsogolo. Mawa tikuyamba mayeso ena otchedwa ENF, mode II, opinda sampo kuti ma layer atsetserekane, amenewo mng'alu umatha kungothamanga kamodzinkamodzi ndiye kamera iyenera kukhala itakonzeka.