Masiku awiri a mu Febuluwale oti oyimba a kuno awadziwe

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje, Febuluwale ndi mwezi wa matope ndi kuthyola tiyi. Mabandi ambiri amakhala ataimika manja, poti ndalama za anthu zimakhala zitathera ku feteleza ndi fizi. Koma pa mbiri ya nyimbo, mwezi womwewu ngwodzaza. Dennis Brown adabadwa pa 1 Febuluwale 1957, Bob Marley pa 6 Febuluwale 1945 ku Nine Mile, ndipo kuyambira 2008 dziko la Jamaica limautenga Febuluwale ngati mwezi wa reggae. Pa 28 Febuluwale 1984 Michael Jackson adakolola mphoto 8 za Grammy usiku umodzi. Izi zimakoma kuzimva pa wailesi. Koma kwa munthu amene akuyendetsa bandi kapena kwaya, masiku ofunika kuwasinkhasinkha ndi ena awiri.

Loyamba ndi 11 Febuluwale 1963. Tsiku limeneli gulu la Beatles lidalowa mu situdiyo ya EMI ku Abbey Road mu mzinda wa London cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo pofika cha m'ma 11 usiku linali litajambula nyimbo 10 za chimbale chake choyamba. Ataphatikiza ndi zina 4 zomwe zinali zitatuluka kale, chimbale cha nyimbo 14 chidalowa pamsika pa 22 Malichi. Makina ojambulira anali a njira ziwiri zokha: zida mbali ina, mawu mbali ina, onse akuyimbira pamodzi. Mmodzi akaphonya, kawirikawiri nyimbo yonse imayambiranso.

Zidatheka chifukwa nyimbo zambiri zinali zakupsa kale. Anyamatawa adali atayimba mausiku osawerengeka ku Hamburg ndi ku Liverpool, choncho mu situdiyo sadapite kukaphunzira koma kukasiya zomwe manja adazolowera. Apa ndi pamene magulu athu amatayira ndalama. Kwaya imasonkherana, nkukwera minibasi mpaka ku Limbe, kenaka ola loyamba lonse nkuthera pokangana kuti nyimbo iyambire pa kiyi uti. Kiyi, liwiro, amene akutsogolera, ndi malo amene ng'oma ikulowera, zonsezi zigwirizanidwe kunyumba ndipo zilembedwe papepala. Jambulani zoyeserera pa foni, mumvetsere nonse muli chete. Amene akutsalira m'mbuyo kapena kukwera mopyola amamveka msanga. Allan Namoko wa konkuno ku Thyolo, ndi banjo yake ndi ng'oma zopanga okha, nyimbo zake zikumvekabe zogwirana mpaka lero chifukwa gulu lake linkamvana lisanayandikire mayikolofoni.

Chinthu china cha tsiku limene lija ndi kasanjidwe ka nyimbo. John Lennon, mmodzi wa oyimba a gululi, anali ndi chimfine. George Martin, yemwe ankayang'anira ntchitoyo, adasunga Twist and Shout kuti ikhale yomaliza, podziwa kuti ndi nyimbo yokukuta pakhosi. Lennon adaiyimba kawiri. Ulendo wachiwiri mawu anali atathawa, ndipo yomwe ili pa chimbale ndi yoyamba ija. Akadayamba nayo m'mawa, nyimbo zina 9 zikadajambulidwa ndi mawu osasa. Ndiye yambani ndi nyimbo zofewa zotenthetsa kukhosi, zovuta kaimbidwe zikhale pakati mitu isanatope, yokuwa ikhale kumapeto. Madzi akumwa akhale ofunda, osati a mu fuliji.

Mwezi uno palinso za nyengo. Ngati situdiyo ndi yofolera malata opanda siling'i, mvula imalowa mu mayikolofoni ndipo nkovuta kuichotsa ndi kompyuta osawononga mawu. Jambulani mawu m'mawa mitambo isanasonkhane pa phiri, za kiyibodi zomwe zimadutsa pa waya muzisiyire masana. Chinyezi chimachititsa dzimbiri nsambo za gitala ndipo chimafewetsa chikopa cha ng'oma. Nsambo zatsopano ziikidwe kutatsala masiku awiri kapena atatu, chifukwa zikangoikidwa kumene zimatamuka ndipo gitala imatsika yokha nyimbo ili pakati.

Tsiku lachiwiri ndi lachisoni: 3 Febuluwale 1959, pamene ndege yaing'ono idagwa pafupi ndi Clear Lake ku Iowa m'dziko la America nkupha oyimba Buddy Holly wa zaka 22, Ritchie Valens wa zaka 17, J. P. Richardson wa zaka 28, ndi woyendetsa ndegeyo Roger Peterson wa zaka 21. Anthu amakamba za ndege, koma vuto lidayambira pa ndandanda wa ulendo wawo wokayimba m'mizinda yosiyanasiyana. Okonza adaika mizinda 24 m'masiku 24, osayang'ana kuti uli pafupi ndi unzake ndi uti, moti gulu linkapita kutsogolo nkubwereranso m'mbuyo m'nyengo yozizira koopsa. Chotenthetsera m'basi chidafa, woyimba ng'oma Carl Bunch adagonekedwa m'chipatala mapazi atavulala ndi chisanu. Atatopa nazo, Holly adabwereka ndege kuti akafike msanga kufupi ndi Moorhead, mzinda wotsatira pa ndandandawo, mtunda wopitirira makilomita 500, akagone ndi kuchapa zovala. Idanyamuka itatsala pang'ono kukwana 1 koloko usiku, kuli mdima ndi chipale, ndipo idagwa isanathe makilomita 10. Ofufuza adapeza kuti woyendetsayo analibe chilolezo choulukira podalira zida zokha pamene kunja sikukuoneka, komanso sadauzidwe mokwanira za kuipa kwa nyengo.

Ife ndege tilibe, koma lole yodzaza masipika, jenereta ndi anthu pamwamba, yonyamuka pakati pa usiku dalaivala atakhala maso tsiku lonse, ndi nkhani yomweyo. Mukamakonza zoyimbayimba zotsatizana, tsatani msewu mmene wayendera: Bvumbwe, Thyolo Boma, Luchenza, Chitakale, Limbuli. Kuyimba ku Muloza Lachisanu, ku Thekerani Loweruka, nkubwereranso ku Mulanje Lamulungu, ndi kudzipha dala mwezi wa mvula. Ndalama ya malo ogona ilowe m'pangano kuyambira pachiyambi, ndipo mwini zochitika alipire gawo lina musananyamuke, chifukwa gulu lopanda ndalama m'thumba ndi lomwe limakakamizika kubwerera usiku. Mtsinje ukadzadza mpaka pamwamba pa kamlatho, galimoto iime, ngakhale anthu atalipira kale pakhomo. Zida muzikute ndi lona iwiri, ina pansi ina pamwamba, ndipo ampulifaya ikanyowa musaiyatse mpaka itauma mkati, apo ayi itha kupsa nthawi yomweyo.